Timawu Tating'ono ta Chingerezi Nditimene Tipunthwitsa Ana Athu

Pali chikhulupiriro chimene chidazika mizu pakati pa ife anthu opita kusukulu, chakuti wodziwa Chingerezi ndi uja amene akatsekula pakamwa pamatuluka mawu ataliatali ngati njanji. Mnyamata akaimirira pa mtsutso wa pasukulu nagwetsa liwu lakuti "procrastination" kapena "notwithstanding", anzake amaomba m'manja, ndipo ngakhale ife aphunzitsi timagwedeza mitu monyadira. Ine ndifuna kutsutsa chikhulupiriro chimenechi. Liwu lalitali silivuta kwenikweni, pakuti limaopsa, ndipo chifukwa choopsacho mwana amapita kukalifufuza. Akalipeza, kawirikawiri limakhala ndi tanthauzo limodzi kapena awiri, basi yatha. Zimene zimagwetsa ana athu ndi timawu tating'ono monga "get", "put", "yes", "mind" ndi "late", timene mwana adatimva ali ku pulaimale nakhulupirira kuti adathana nato kalekale. Paulendo phiri munthu amalionera patali. Chimene chimamusupula chala ndi chitsa chobisala m'udzu.

Nkhaniyi si yamasewera ayi. Kuno kwathu munthu akalephera Chingerezi pa mayeso a Folomu 4 salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale masamu ndi sayansi atazikhoza chotani. Ndipo akatuluka pa chipata cha sukulu, Chingerezi chimene chimudikira kunjako si cha Shakespeare, koma cha kalata yofunsira ntchito, cha fomu ya kubanki, cha dokotala wachilendo, ndi cha bwana amene afunsa funso limodzi mofulumira nadikira yankho.

Taonani kulemera kwa timawu timeneti. Akatswiri amene adalemba dikishonale yaikulu ya Oxford, imene kusindikiza kwake kwachiwiri kudatuluka mu 1989 m'mabuku 20, adapeza kuti mneni wa zilembo zitatu zokha, "set", ali ndi matanthauzo 430. Atabwerezanso ntchito yawo, mu 2011 zidadziwika kuti mneni "run" wamupitirira, pakuti ali ndi matanthauzo 645. Ife tidaphunzira kuti "run" ndi kuthamanga. Inde, munthu amathamanga. Komatu m'Chingerezi liwu lomwelo ndilo anenera mtsinje pamene ukuyenda, injini pamene ikulira, mphuno ya mwana wachimfine pamene ikuchucha, mayi pamene akuyendetsa golosale yake, ndi wandale pamene akupikisana nawo pa chisankho. Mwana amene m'mutu mwake muli "kuthamanga" kokha adzawerenga kuti shuga "has run out" nadabwa kuti shugayo wathawira kuti, pamene nkhani ndi yakuti watha.

Mngerezi wina, C. K. Ogden, adaonetsa mu 1930 kuti munthu angathe kunena zambiri za tsiku ndi tsiku ndi mawu 850 okha, ndipo mwa mawuwo aneni adali 18 basi. Zimenezi zidatheka chifukwa mneni wamng'ono wa Chingerezi amasanduka ngati birimankhwe akangokhala pafupi ndi kamperekezi. "Put on" ndi kuvala, "put out" ndi kuzimitsa moto, "put off" ndi kukankhira chinthu m'tsogolo, ndipo "put up with" ndi kupirira. "Look for" ndi kufunafuna, "look after" ndi kusamala, "look down on" ndi kunyoza. Palibe m'modzi mwa mawu amenewa amene mwana wa Sitandade 6 sadziwa kuwerenga, koma kuwerenga ndi kwina, kumva ndi kwina.

Gwero la vutoli lili m'makope athu. Ambiri a ife tidaphunzira, ndipo ena tikuphunzitsabe, podula mzere pakati pa tsamba: kumanzere liwu la Chingerezi, kumanja la Chichewa, limodzi kwa limodzi, ngati kusinthanitsa dzira ndi mchere. Koma zinenero sizidula dziko pa malire amodzi. Tengani liwu lathu lakuti kumva. Timamva mawu, timamva zimene mphunzitsi akutanthauza, timamva kupweteka, timamva fungo la ndiwo, ndipo mwana wamwano timati ndi wosamva. Mngerezi ali ndi mawu asanu pamenepo: "hear", "understand", "feel", "smell" ndi "obey". Tsono mwana amene adalemba m'kope kuti kumva ndi "hear" adzauza dokotala kuti "I am hearing pain", ndipo kholo lodandaula lidzalembera ahedi kuti mwana wake "does not hear", ahediwo nkuyesa kuti mwanayo ndi gonthi.

Asaganize wina kuti chinenero chathu ndicho chosauka. Pamene Mngerezi ali ndi "wash" yekha, ife timasamba thupi, timasukusula kumaso, timachapa zovala, timatsuka mbale. Pamene iye ali ndi "carry", ife timasenza pamutu, timabereka kumsana, timanyamula m'manja. Iye ali ndi "marry" m'modzi, ife mwamuna amakwatira ndipo mkazi amakwatiwa. Mzungu wophunzira Chichewa amene anganene kuti akukachapa mwana timamuseka, ndipo kuseka kwathuko kutiphunzitse kanthu za m'mene ife timamvekera tikalowa m'munda mwake.

Pena kusokonezaku kumangoseketsa, koma pena kumaluzitsa ndalama. Ife timati "ndabwereka njinga" ndiponso "ndibwerekeni njinga", liwu limodzi mbali zonse ziwiri. M'Chingerezi wolandira ndiye amachita "borrow", wopereka amachita "lend". Munthu akalemba papepala kuti "I borrowed him the money" pofuna kunena kuti adamukongoza, walemba chiganizo chimene wowerenga aliyense adzaima nacho nafunsa kuti wangongole ndani. Apa mphunzitsi wanzeru sayenera kuvutika: pa nkhani ya ndalama Chichewa chomwecho chimasiyanitsa kukongola ndi kukongoza, ndipo mwana akangouzidwa kuti "borrow" ndi kukongola, "lend" ndi kukongoza, sadzaiwalanso.

Choopsa koposa ndi "yes" ndi "no". Wina akafunsa kuti, "Kodi simudamwe mankhwala?" ife timayankha kuti "Inde", kutanthauza kuti mwanena zoona, sindidamwe. Yankho lathu limavomereza wofunsayo. La Mngerezi limatsata chochitikacho: ngati sadamwe amati "No", funsolo likhale lotani. Tsono dokotala akafunsa kuti "You haven't taken the tablets?" wodwala nayankha kuti "Yes", aliyense wa awiriwo amachoka pamenepo ali ndi nkhani yakeyake, ndipo palibe wodziwa kuti asemphana. Lingalirani funso lotero litafunsidwa m'bwalo la milandu: "You did not enter the house?" Mankhwala ake ndi apafupi, ndipo ndikadakonda akadalembedwa pamwamba pa bolodi m'kalasi iliyonse: funso lokana usaliyankhe ndi liwu limodzi. Nena chiganizo chonse, "No, I did not", kapena "Yes, I did". Mbale wake wa funsoli ndi "Would you mind waiting?" Mwana waulemu amafulumira kuyankha kuti "Yes, sir", osadziwa kuti wanena kuti kudikirako kumunyansa. "Mind" pamenepa ndi kuipidwa nacho chinthu, ndipo wovomera kudikira amati "Not at all".

Nanga za ubale? Kwa ife mkulu wa bambo ndi mng'ono wa bambo onse ndi atate, bambo aakulu ndi bambo aang'ono, ndipo ana awo ndi abale athu enieni. Msuweni ndi mwana wa amalume kapena wa azakhali. Mngerezi amaunjika bambo aang'ono ndi amalume m'dengu limodzi la "uncle", ndipo ana awo onse amawatcha "cousin". Wantchito amene adapempha tchuthi chaka chatha kuti akaike "my father", napemphanso chaka chino pa maliro a "my father" wina, sadaname ngakhale pang'ono, koma bwana wosadziwa mwambo wathu adzamuwerenga wabodza, ndipo munthu angathe kutaya nkhope, kapena ntchito imene, chifukwa cha liwu limodzi. Wanzeru amalemba kuti "my father's younger brother, who brought me up", ndipo nkhani imamveka. Pomwepo tionjeze "late". "My late father" ndi malemu bambo. Koma "my father is late", m'mene ambiri timanenera kuno, kwa Mngerezi wa ku London ndi kuti bambowo achedwa, ndipo angathe kukupatsa mpando kuti uwadikire.

Tsopano ndifike pa chimene ndichiona chachikulu, ndicho ulemu. Mwana wa kwathu woleredwa bwino akafika pa ofesi amati, "Ndimafuna ndionane nawo abwana", kapena "Tandibwerekaniko cholembera." Tayang'anani pamene ulemu wabisala: uli mu "nawo", uli mu "-ni", uli mu "-ko", uli m'kunena kuti "ndimafuna" ngati kuti kufunako kudali kwa kale ndipo sikukakamiza munthu. Palibe liwu lapadera laulemu m'ziganizo zimenezi. Ulemuwo udalukidwa m'kati mwa mawu ngati mizere ya mkeka. Mwana uja akamasulira, timagawo tonseti timagwera pansi popeza tilibe mnzake m'kope muja, ndipo chotsala ndi "I want to see the boss" ndi "Give me a pen." Mlembi wa pa ofesi amamva kulamula. Mwanayo waweramitsa mutu, wagwira chigongono, mtima wake ndi wodzichepetsa, koma pakamwa pake patuluka mawu a kapitawo.

Chingerezi nachonso kale chidali ndi "iwe" ndi "inu". "Thou" adali wa munthu m'modzi, wa mnzako kapena wamng'ono, ndipo "you" adali wa anthu ambiri ndi wa munthu wolemekezeka, monga momwe ife tichitira ndi "inu". M'zaka za m'ma 1600 "thou" adayamba kuzilala m'kuyankhula kwa anthu wamba, ndipo a mpingo wa Quaker, amene adaumirira kunena "thou" kwa aliyense ngakhale kwa oweruza, adaonedwa ngati amwano. Lero "you" ndi wa mfumu ndi wa mwana yemwe. Popeza ulemu udasowa pokhala m'liwu limeneli, udasamukira m'timawu tina: "could", "would", "may", "please". Ndipo chokondweretsa nchakuti "could" ndi "would" ndi nthawi yakale ya "can" ndi "will". Mngerezi akati "I wanted to ask you something" akuchita chomwecho chimene ife tichita tikati "ndimafuna ndikufunseni": kukankhira pempho m'mbuyo pang'ono kuti lisagunde munthu pachifuwa. Mwana akaona kuti luso limeneli ali nalo kale m'chinenero cha amake, salowezanso ngati chinkhwe.

"Please" tidamumasulira kuti chonde, ndipo pamenepo tidamulemeretsa. Chonde ndi liwu la munthu wopembedza, wogwira mwendo. Palibe amati chonde pogula machesi. Nchifukwa chake ana athu amamusunga "please" ngati suti ya pa ukwati. Koma m'Chingerezi iye ndi kakobiri ka tsiku ndi tsiku, mnzake weniweni wa "-ko" wathu uja, ndipo amene sakaponya pogula tikiti amaoneka wosaleredwa.

Palinso mawu amene Mngerezi amanena asakutanthauza zimene zikumveka. "I am afraid the post has been filled" mulibe mantha. Ndi kukana kovala jekete. "Not bad" nthawi zambiri ndi chiyamiko. "With respect" amatsogolera kutsutsa. "We shall keep your letter on file" asakugonetse ndi chiyembekezo. Ife, eni ake a zining'a, amene timati mfumu yagona kapena munthu watisiya, sitiyenera kudabwa kuti anzathu nawonso amazungulira. Ndipo aphunzitsi anzanga olemba makalata a umboni achenjere ndi "hardly". Mnyamata amene "works hard" ndi wakhama; amene "hardly works" ndi mlesi. Zilembo ziwiri zokha, tsogolo la mwana wa eni lapita.

Wina adzati: kodi tsono Chingerezi chonse chimene tiyankhula kuno ndi cholakwa? Iyayi. Munthu akapunthwa ife timati "sorry", Mngerezi nadabwa kuti tikupepesa chiyani popeza sitidamukankhe. Koma ife tikunena pepani, monga anzathu a Chiswahili anenera "pole", ndipo ngati chinenero chawo chilibe liwu lapafupi lomvera mnzako chisoni pa kangozi kakang'ono, si ife oyenera kuchita manyazi. "Where do you stay?" pofunsa kumene munthu amakhala amanenanso ku South Africa ndi ku Scotland, kwawo kwa amishoni amene adatsekula sukulu za Livingstonia ndi Blantyre mu 1875 ndi 1876. Mawu amasintha akamayenda, ndipo amasintha ngakhale kwawo komwe: "nice" pofika m'Chingerezi cha m'ma 1300 ankatanthauza wopusa, popeza adachokera ku liwu la Chilatini lonena za umbuli. Ifenso tidatenga "steamer", chombo cha pamadzi, nkuchikweza pa njanji kuti chikhale sitima ya pamtunda, ndipo palibe adatiimba mlandu.

Chimene ndikana ndi chakuti mwana achoke pasukulu asadziwa kuti ndi mawu ati amene ali a pakhomo ndi ati amene ali a paulendo. Ukauza mnzako kuti "I am coming" uku ukutuluka pakhomo, iye amamva "ndikubwera" ndipo akudikira. Mlendo amaona munthu wonena kuti akubwera akupita. Wodziwa zonse ziwiri amasankha. Wodziwa chimodzi amangodabwa kuti anthu akusekeranji. Masiku ano msampha wawonjezeka, pakuti mafilimu ndi mafoni abweretsa Chingerezi cha ku America, kumene "first floor" ndi chipinda cha pansi pamene ku Britain ndi cha pamwamba pake, ndipo "pants" ndi thalauzi pamene ku Britain ndi chovala cha m'kati.

Apa ndiye ndisiyana ndi aphunzitsi anzanga amene amaletsa Chichewa m'kalasi ya Chingerezi, ena mpaka kupereka chibalo kwa wogwidwa akuyankhula chinenero cha makolo ake. Cholinga chawo ndi chabwino, pakuti chinenero chimakula ndi kuchiyankhula. Koma zolakwa zonse zimene ndatchulazi zimabadwira m'Chichewa chimene chili m'mutu mwa mwana, ndipo kuchitsekera pakamwa sikuchichotsa m'mutumo; chimapitiriza kumasulira mwakachetechete, mphunzitsi osachiona. Kuli bwino kuchiitanira poyera. Mphindi khumi zokha, mphunzitsi alembe "kukhala" pakati pa bolodi, ana apereke ziganizo: khala pansi, ndimakhala ku Zomba, khala chete, adzakhala namwino, takhala masiku atatu. Kenaka afunefune pamodzi Chingerezi cha chilichonse, aone ndi maso awo liwu limodzi likubala "sit", "live", "be", "become" ndi "stay". Phunziro lotere silifuna buku, silifuna magetsi.

Njira imeneyi si yachilendo. Michael West, amene adaphunzitsa aphunzitsi ku Dhaka, adasindikiza mu 1953 mndandanda wa mawu pafupifupi 2,000 amene ali msana wa Chingerezi, ndipo sadangowatchula, koma adasonyezanso kuti pa liwu lililonse ndi tanthauzo liti limene limapezeka kawirikawiri. A. S. Hornby, ataphunzitsa zaka zambiri ku Japan, adaona kuti madikishonale olembedwera Angerezi eni ake sathandiza mlendo, popeza amanena chimene liwu litanthauza osasonyeza m'mene limakhalira ndi anzake. Dikishonale imene adalemba ndi anzake awiri idatuluka ku Tokyo mu 1942, a Oxford nkuisindikizanso mu 1948, ndipo ndiyo kholo la Advanced Learner's imene ili m'malaibulale a sukulu zathu. Chuma cha bukuli chili m'ziganizo za zitsanzo. Koma taonani m'mene ana amalitsekulira: chala chimaima pa tanthauzo loyamba, buku nkutsekedwa. Liwu lalitali amalifufuza, koma "get" ndi "take", amene adzaza masamba athunthu, palibe amawayendera, poti ndani angafune kuoneka akufufuza liwu la ku Sitandade 2? Safunsa adadya phula.

Kwa inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukulemba makalata ofunsira ntchito, ndinene mosabisa. Kalata yoyamba ndi "I humbly beg to prostrate myself before your esteemed office" siimveka yaulemu kwa woiwerenga. Imamveka ngati ya munthu wobwereka jekete la mkulu wake. Ulemu wathu wogwada mwaunyamulira m'chinenero chimene sichigwada motero, ndipo mawu aakuluwo mwawaika kuti abise mantha. Amene ali ndi makalata mazana patebulo amafuna adziwe m'mzere woyamba kuti mukufuna ntchito iti ndipo mudaiona kuti. "I should like to apply for the post of accounts clerk advertised on 3rd March" ndi chiganizo chokwana, ndipo ulemu wake wonse wasenzedwa ndi timawu tiwiri, "should like". Mukayamba ndi "Dear Sir" mutsirize ndi "Yours faithfully". Mukatchula dzina la munthuyo, "Yours sincerely". Ndipo akakuitanani, wofunsa nakuuzani kuti "Take a seat", mpandowo musaunyamule.